Madzi Onunkhira Mandimu

Kadona anakankhanso kapu, madzi n'kukhutukira pa siketi ya mayi ake.

"Imwa, mayi wanga, kamodzi kokha," anamunyengerera make Kadona. Mwanayo anapotoza khosi n'kumata milomo. M'mbali mwa milomo yakeyo munali tizilonda tofiira, ndipo m'mimba munali mutayambanso kutsegula. Sikanali koyamba. Akakhala bwino sabata ino, sabata inayo matewera ali mbwee pachingwe.

"Ndi mano amenewo," anatero bambo a Kadona, akumanga nsapato kuti azipita kumene amawotcherera zitsulo. "Mwana akamamera mano amatero. Komatu inu amake Kadona mantha! Mwana kungoyetsemula, mwayamba kale kulongedza chikwama cha kuchipatala."

"Mano omera miyezi yonseyi ndi a ng'ona kapena?"

Bambowo anaseka, koma atayang'ana mwana uja atalobodoka paphewa pa mayi ake, kuseka kunawathera. Anamusisita kumutu n'kutuluka mwakachetechete.

Chimene chinkamudya mtima make Kadona n'chakuti sankaona pamene akulakwitsa. Ntchito yake inali yokolopa ndi kuyeretsa m'maofesi, ndipo ukhondo umenewo ankabwera nawo kunyumba. Makapu a mwana ankawawiritsa. Zidole ankazitsuka. Ntchentche ikalowa m'nyumba ankaithamangitsa ngati wakuba. Pamdadada wonse wa nyumba za lendi zija panalibe khomo lowala kuposa lake. Ngakhale madzi ankawasamala. Mpope wa pamdadadapo unkangotulutsa madzi m'mawa, masiku ena osatulutsa n'komwe, ndiye iye ankatunga n'kusunga m'zigubu zotseka bwino, zondandalikidwa pakona, fumbi osalowa, mphemvu osayandikira.

Zigubuzo zinkachokera kuntchito. Kampani imene inamulemba inkasamalira nyumba yaikulu yosanjikizana ya maofesi: kukolopa, kupukuta mawindo, kutsuka zimbudzi, kutulutsa zinyalala. Mankhwala okolopera ankabwera m'zigubu zoyera, za chogwirira cholimba ndi chitsekero chabuluu chosadontha. Mankhwala akatha, chigubu sichinkapita kubini. Chinkapita kunyumba kwa wokolopa.

Koma sikuti ankangotola mwachisawawa ayi. Panali dongosolo lake, ndipo mwini dongosolo anali mayi wina wachikulire amene anayamba kukolopa nyumbayo utoto wake usanaume. Onse ankawatchula kuti a Nduna, kutanthauza Nduna ya Zigubu. Iwo ndiwo ankadziwa kuti chigubu chotsatira n'cha yani, amene anatenga dzana ndani, amene wangoyamba ntchito adikire mpaka liti. Ndiwonso anaphunzitsa make Kadona kagwiridwe ka mopu kosapweteka msana, ndipo pamene anali ndi pakati ankamukolopera masitepe, iye n'kumangopukuta matebulo.

Pa dongosolo limeneli panamera kachizolowezi kamene okolopa onse ankakadziwa, koma palibe ankakatchula mabwana ali pafupi. Ankati kupepuza chigubu. Amene chigubu chikubwera kwa iye ankathira mankhwala ndi mtima wonse. M'malo mwa kachitsekero kamodzi m'ndowa, ankangopendeketsa chigubu kuti khuthuu, thovu n'kusefukira. Anzake nawo ankamuthandiza. "Thira, achemwali, mawa udzathirira ine." Mankhwala akatsala pang'ono pansi pa chigubu, Lachisanu ankangowakhuthulira m'chimbudzi n'kugujumula, kuti mwini chigubu asapite kunyumba chimanjamanja. Pansi m'maofesi pankamata mpaka kukolopa kawiri, manja a okolopa ankasweka ngati nthaka ya m'chilimwe, koma onse ankati ndi mmene ntchito yokolopa ilili.

Make Kadona chigubu chake chikafika kunyumba ankachitsuka ndi madzi otentha, ndi sopo, n'kuchikhutchumula ndi mchenga, kenako n'kuchiyanika padzuwa. Komabe madzi ake ankamveka kafungo ka mandimu patalipatali.

"Ife timamwa madzi a kuhotela," ankanyadira bambo a Kadona alendo akabwera.

Zigubu zina make Kadona anapatsa Anti, mayi wa kuseri kwa mdadada amene ankalera ana masana makolo akapita kuntchito. Anzake ena a kuntchito zawo ankakagulitsa kumsika.

Miyezi imeneyo kampani inali italemba mayi watsopano woyang'anira zogula. Onse ankangoti Madamu. Anali wosakonda kukhala pampando. Ankayenda m'makonde ndi nsapato zafulati, kusuzumira m'mabini, kunyamula mabotolo n'kumawerenga zolembedwa kumbuyo. Tsiku lina anaima pakhomo la kachipinda kosungiramo mamopu.

"Amayi, mankhwalawa akutha msanga bwanji? Amene amatigulitsa akuti chigubu chimodzi chimayenera kukhalitsa."

"Nyumbayi ndi yaikulu, Madamu," anayankha a Nduna, nkhope ili phee. "Ndiponso anthu ake sapukuta mapazi."

Madamu atangochoka, a Nduna anatseka chitseko n'kutembenukira onse. "Mwamuona? Akufuna kutilanda zigubu ameneyu. Akathana ndi zigubu, adzayamba ife. Aliyense pakamwa potseka. Iwe mtsikana wamanthawe, wamva?"

"Ndamva, a Nduna," anatero make Kadona.

Loweruka lake masana, make Kadona ali kunyumba mwana ali kumsana, anamva kugogoda. Anali a Nesi, mayi wa khomo lakumapeto kwa mdadada, amene ankagwira ntchito kuchipatala chaching'ono cha m'deralo. Anali akadali m'yunifolomu, thukuta lili kamukamu.

"Amake Kadona, ndigawireniko madzi akumwa. Kwanga m'ndowa mwauma, ndinachoka mpope usanatseguke."

Make Kadona anatsuka kapu yoyera kale, n'kuthiramo madzi. A Nesi anamwa pang'ono, n'kuima. Ananunkhiza kapuyo.

"Mwathiramo chiyani m'madzimu?"

"Palibe, a Nesi. Ndi a pampope, a m'mawa womwe uno."

"Mumasungira muti?"

Make Kadona analoza pakona. A Nesi ananyamula chigubu chimene munali madzi theka, n'kuchikhutchumula mwamphamvu, kenako n'kutsegula. Pamwamba pa madziwo panali kathovu kopyapyala, kochedwa kuzimirira.

"Taonani apa. Madzi enieni sasunga thovu chonchi, ndipo sanunkhira kanthu. Munali chiyani m'chigubumu?"

"Mankhwala okolopera. Komatu ndinatsuka, a Nesi! Ndi madzi otentha, ndi sopo, ndi mchenga womwe."

"Ndikudziwa kuti munatsuka. Pamdadada pano ndani angakuphunzitseni kutsuka inu? Koma pulasitiki si galasi, mwanawe. Mankhwala akakhalitsa m'menemo amalowerera. Mchenga uja mmene munkapalira, munkangokanda timizere tobisalamo zambiri. Mukathira madzi, makamaka chigubu chikatenthedwa, zotsalirazo zimatuluka pang'onopang'ono. Munthu wamkulu mwina sangamve kanthu. Nanga kamimba ka Kadona n'kakakulu bwanji?"

Make Kadona anakhala pansi pomwepo, n'kumasula mwana kumsana, n'kumuyang'ana milomo ija.

"Ndiye kuti ndi manja angawa ndakhala ndikumumwetsa..."

"Ayi, musayambe kudziweruza. Sindikunena kuti ndi zokhazi. Zotsegula m'mimba mwa mwana zilipo zambiri, n'chifukwa chake tinyamuke pompano akamuone adokotala. Koma kaya ndi izi kaya ndi zina, lamulo ndi limodzi. Chigubu chimene munali mankhwala sichisungira madzi akumwa, mkaka kapena mafuta ophikira, ngakhale mutachitsuka mpaka manja kutupa."

Kuchipatala anamuyeza mwanayo, anamupatsa madzi obwezeretsa mphamvu m'thupi ndi mankhwala opaka pamilomo, ndipo adokotala ananena zomwe zija ananena a Nesi: zigubuzo zichoke. Pobwerera anapeza bambo a Kadona ataima pakona paja, manja m'chiuno, nkhani ataimva kale kwa oyandikana nawo.

"Ndiye madzi a kuhotela aja ndi amenewa?" anatero ndi mawu otsika. "Chabwino. Mawa ndikazigulitse kumsika, tigulepo ndowa."

"Kuti akamwere mwana wa mnzanu?" anafunsa a Nesi.

"Ndiye tiziwotche."

"Utsi wake mupume ndi Kadona yemweyu?"

"Aaa, a Nesi, nanga tizidye?"

"Zibwerere kumene zinachokera, bambo. Amene anazigula ndiye ayenera kudziwa kozipititsa. Pakadali pano tengani ndowa yanga yovindikira ija, muziwiritsa madzi a mwana."

Madzulo dzuwa lisanalowe, make Kadona anazungulira kuseri kukatenga zigubu zimene anapatsa Anti. Anti anamva nkhani yonse, anagwira pakamwa, n'kumupatsa.

"Zanu ndi izi. Koma izi zinazi ndinagula kumsika, ndipo ndi zomwezomwezo."

Pobwerera make Kadona anayenda pang'onopang'ono, akuyang'ana khomo ndi khomo monga anali asanayang'anirepo. Pakhomo la atelala, chitsekero chabuluu. Pakhomo la mayi wogulitsa tiyi, zitsekero zabuluu. Pamzere wodikira madzi pampope, zoyera zokhazokha za zitsekero zabuluu. Ndiyetu Kadona anali mwana wa mdadada wonse. Anali atayamba kuyenda, ndipo akamva ludzu ankamwa pakhomo lililonse limene wafikapo. Make Kadona anaona kuti ngakhale atayeretsa pakona pake, zigubu zizingobwerabe Lachisanu lililonse, kuchokera m'kachipinda ka mamopu komwe kaja, ndipo tsiku lina iye ali kuntchito wina adzamupatsa mwana wake kapu mwachikondi.

Lolemba anamanga zigubu zake zonse pachingwe n'kuzikoleka paphewa. Zinkagundana njira yonse, anthu n'kumacheuka. Pageti mlonda anatsegula maso.

"Ee, achemwali! Chiyambireni ntchito ine ndimasecha zotuluka. Lero katundu akubwerera yekha? Mwalapa kutchalitchi dzulo?"

Make Kadona anangomwetulira mwamanyazi n'kudutsa. M'kachipinda ka mamopu anapeza anzake akuvala mayunifolomu. Anatula zigubu pansi, n'kuwafotokozera zonse: za thovu, za milomo ya mwana, za mawu a adokotala.

"Zamkutu," anatero a Nduna. "Ana anga onse anakulira madzi a m'zigubu zimenezi, lero ali ndi ndevu. Mwana wakoyo ndi mano. Tabisa zinthuzi mayi uja asanazione."

Koma anachedwa. Madamu anali ataima pakhomo, akuyang'ana mulu wa zigubu zija, zina zitachita kuda ndi utsi wa kukhitchini, china chitamangidwa kansalu pachogwirira.

"Izi zachokera kuti?"

Make Kadona anamva maso a a Nduna akumuwotcha patsaya. Anakumbukira masitepe amene mayiyu ankamukolopera iye ali ndi pakati. Anaganizanso za ntchito, kuti ikatha lero, lendi alipira ndi chiyani. Kenako anaona kadzanja ka Kadona kakukankha kapu.

"Zachokera kunyumba kwanga, Madamu," anatero. Mawu anatuluka aang'ono, koma anatuluka. "Timamwera madzi. Tonsefe, ndi anthu a kumene timakhala. Mwana wanga wakhala akudwala, ndipo kuchipatala akuti tisiye. Ine ndasiya, koma zikangotulukabe pageti paja zikamupeza pakhomo la wina." Analoza zigubu zija. "Ndiponso mankhwala amatha msanga chifukwa timathira ambiri, kuti chigubu chipepuke, mwini wake atenge."

Wina anatsonya. Make Kadona anaweramitsa mutu kudikira mawu omuchotsa ntchito.

Madamu anatembenuza ndowa n'kukhalapo, ngati mmodzi wa iwo.

"Mwanayo ali bwanji lero?"

"Wagona bwinoko, Madamu."

"Tithokoze." Anatembenukira kwa onse. "Ine masiku onsewa ndimafunsa kuti mankhwala akupita kuti. Sindinafunsepo kuti zigubu zikupita kuti. Sindichotsa munthu ntchito pa nkhani imeneyi. Zigubuzi sizinadzibweretse zokha muno, tinazigula ndife a kampani. Munthu ukamagula chinthu, umagulanso chotsala chake, ndipo uyenera kudziwa kumene chikathere. Ife timangoti zikatuluka pageti basi zatha, osadziwa kuti zikukalowa m'kamwa mwa ana."

"Zokoma kumva, Madamu," anatero a Nduna, atapinda manja pachifuwa. "Koma ndifunseko. Inu kwanu mukatsegula mpope madzi amatuluka, kaya m'mawa kaya masana. Ife kwathu mpope uli ngati mlendo, umabwera pamene wafunira. Mukatilanda zigubu, madzi tizisungira m'manja?"

Ena anavomereza chapansipansi. Madamu sanakwiye.

"Mwafunsa zoona, amayi, ndipo yankho ndilibe lero. Ndipatseni nthawi ndikalankhule ndi akuluakulu komanso amene amatigulitsa katundu. Koma kuyambira lero chigubu cha mankhwala chisatulukenso pageti. Chimenecho chokha sindisintha."

Masabata otsatira anali owawa kwa make Kadona. Nthawi ya tiyi anzake ankasuntha mabenchi. Akalowa, nkhani inkaduka. Ena ankamutchula kuti a Dokotala. A Nduna sankamulankhula n'komwe, ankangomulozera ndi mopu kumene akakolope. Iye ankameza zonsezo. Kunyumba ankawiritsa madzi, n'kumuthirira Kadona m'kabotolo kake popita kwa Anti, n'kuwachonderera Anti kuti mwana asamwe pena paliponse. Tsiku lonse kuntchito mtima unkakhala uli m'mwamba: nanga akazemba n'kukamwa kwa atelala?

Madamu nawo sanagone. Anaitana ogulitsa mankhwala osiyanasiyana, ndipo okolopa ankawamva kudzera pachitseko akufunsa mafunso amene kale palibe ankafunsa. Kodi chotengera chanu chikatha mudzabwera kudzachitenga? Mukachitenga mumakachita nacho chiyani? Mankhwala anuwa amatani manja a munthu wowagwira tsiku ndi tsiku? Akapita m'ngalande amakawononga chiyani? Wogulitsa wina anati zimenezo si ntchito yake, Madamu n'kumuperekeza mwaulemu mpaka pachikepe.

Tsiku lina m'mawa lole inaima kuseri kwa nyumba ya maofesi ija. Anatsitsa mgolo umodzi waukulu wa mankhwala amphamvu osungunula ndi madzi, wokhala ndi kapampu pamwamba. Madamu anasonkhanitsa okolopa onse.

"Mgolo uwu si wathu, ndi wa ogulitsa. Ukatha adzautenga, akautsuke kwawo kumene ali ndi zida zake, adzabwere nawo wodzaza. Kapampuka mukakadina kamodzi, ndi muyezo wa ndowa imodzi. Aliyense akhala ndi botolo lake lolembedwa bwino, lomangodzazanso. Mapepala opukutira aja tachepetsa, tagula nsalu zochapa, mtundu wina za m'zimbudzi, mtundu wina za pamatebulo. Magolovesi awa ndi olimba, si otaya tsiku lomwelo."

"Nanga funso langa lija?" anatero a Nduna.

Madamu anakodola anyamata a lole, ndipo anatsitsa ndowa zatsopano zosanjikizana, zovindikira, iliyonse ili ndi kampope kake m'munsi.

"Izi zinapangidwira madzi akumwa. Akuluakulu avomera kuti zimene tipulumutse posiya kutaya mankhwala ziyambe zagula zimenezi. Aliyense atenga yake. Koma pali kusinthana. Mubweretse zigubu zakale zija, zanu ndi zimene munagawira ena. Ogulitsa avomera kuzitenga, akazigaye, zikapangidwe zinthu zosakhudza chakudya. Tsono pakufunika munthu wodziwa kumene chigubu chilichonse chinapita." Anayang'ana a Nduna. "Ndamva kuti muno muli nduna yake."

Chipinda chonse chinaphulika ndi phwete. A Nduna anayesa kulimbitsa nkhope koma inawakanika.

"Unduna wake wobweza katundu? Chabwino. Koma mankhwala anu osachita thovuwa ine ndikuwakayikira. Akungooneka ngati madzi a mvula."

Anawakayikiradi kwa kanthawi. Tsiku loyamba anadina kapampu kangapo mwachizolowezi, mpaka mnzawo anawakumbutsa kuti palibenso chigubu chopepuza. Koma pasanapite nthawi pansi panasiya kumata, kukolopa kawiri kunatha, ndipo anthu ankaweruka misana isanaphwanyike. Bini yaikulu ya kuseri, imene kale inkasefukira ndi mapepala, inayamba kufika Lachisanu isanadzaze. Make Kadona anaona tsiku lina a Nduna ataima pawindo, akutembenuza manja awo, ming'alu ija itayamba kutsekeka.

Ndiye ntchito yotolera zigubu a Nduna anaigwira ngati ya boma. Ankakumbukira chilichonse. "Iwe, cha mwezi wa mvula chija unapatsa apongozi ako, kachitenge." Loweruka lina make Kadona akuchapa panja anangomva phokoso kumayambiriro kwa mdadada. Anali a Nduna, chingwe paphewa, akugogoda khomo ndi khomo.

"Odi kuno! Chitsekero chabuluu chilichonse chituluke! Bambo telala, musandibisire, ndachiona kuseri kwa makinako!"

A Nesi anatuluka n'kumayenda nawo limodzi, akufotokozera anthu chifukwa chake. Ena anapereka msanga, ena ananyinyirika, mayi wogulitsa tiyi anachita kukangana nawo mpaka a Nesi anamukhutchumulira chigubu chake pamaso pa makasitomala. Amayi amene ankasiya ana kwa Anti anasonkherana n'kugula ndowa ya kampope yonga ija ya kuntchito, ndipo bambo a Kadona anawotcherera timiyendo tachitsulo toikapo ndowazo kuti zitalikire pansi. Anayamba ndi ya kunyumba, kenako ya kwa Anti, mapeto ake mdadada wonse unkawafuna.

A Nduna atafika pakhomo la make Kadona anatula mtolo wawo n'kukhala pampando osadikira kuuzidwa. Kadona anatulukira m'nyumba akuthamanga mwa dededede, masaya atabwerera, milomo ili see. Matewera pachingwe anali ochepa ngati a mwana wina aliyense, ndipo kusikelo make Kadona anali atauzidwa kuti mwana wayambanso kunenepa.

"Ndiye bwana wake ndi ameneyu, amene watilanditsa zigubu?" anatero a Nduna, akumunyamula. "Iwe, ukudziwa kuti unagwetsa boma?"

Kadona anawagwira mphuno. Kenako analoza ndowa ija. "Madzi."

Make Kadona anatsegula kampope, n'kupereka kapu kwa a Nduna kuti amumwetse. Mayi wachikulireyo, asanaifikitse pakamwa pa mwana, anayamba wainunkhiza. Anakweza maso, n'kupeza make Kadona akuwayang'ana.

"Ukuyang'ana chiyani? Ndili ndi zidzukulu inenso."

Kadona anagwira kapu ndi manja onse awiri, n'kumwa mpaka kuipendeketsa, madzi ena akutsikira pachibwano. Atamaliza anaitambasula kuti amuwonjezere.

Make Kadona anatembenuka ngati akukafinya zochapa, kuti asamuone misozi. Mumtima ankathokoza a Nesi amene sanangomwa madzi n'kukhala chete poopa kukhumudwitsa mnzawo. Ankathokoza Madamu amene anakhala pa ndowa n'kumvetsera m'malo mokalipa. Ankathokozanso a Nduna, amene funso lawo laukali lija ndilo linabweretsa ndowa za kampope.

"Zikomo, a Nduna," anatero atabwerera.

"Usandithokoze ine. Mantha akowo ndi amene atithandiza. Koma Lolemba usachedwe, masitepe akudikira iwe, ine ndinakukolopera kale mbali yanga."

Amayi ndi abambo, chigubu kapena botolo limene munali mankhwala lisasungire madzi akumwa kapena chakudya, ngakhale litatsukidwa chotani. Musaligulitse, musaliwotche, libwezeni kumene linachokera. Mwana akamadwaladwala, pitani naye kuchipatala, osangoti ndi mano. Inu ogwira ntchito yoyeretsa, thirani mankhwala pa muyezo wake, ndipo mukaona choopsa nenani. Nanunso amene mumagulira makampani katundu, musanagule funsani kuti chotsala chake chikathera kuti, sankhani ogulitsa amene amatenganso zotengera zawo, ndipo mverani anthu amene amagwira katunduyo ndi manja. Chinyalala chikatuluka pageti sichinathe. Chimakafika pakhomo la munthu, ndipo pakhomopo pali mwana.